Kuona maso a nkhono: mmene munthu amaphunzirira kuona kukongola kwa pakhomo pake

Aliyense amene amayenda pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza anazionapo izi. Galimoto ya alendo yaima pambali pa msewu, mwina chakufupi ndi Lizulu kapena potulukira ku Bembeke, anthu atsika, akuloza mapiri a mbali ya Mozambique, ena pakamwa pali yasa. Pomwepo mayi wosenza dengu la tomato akudutsa osacheuka, ndipo akacheuka ndiye kuti akudabwa alendowo, osati mapiri. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Komatu mapiriwo ndi omwewo, dzuwa ndi lomwelo, ndipo maso a mayiyo alibe vuto lililonse. Pa nkhani yoona patali mwinanso amawaposa alendo ovala magalasiwo. Nanga kusiyana kukuchokera pati?

Yankho lomwe timamva kawirikawiri ndi lakuti zoyamikira mapiri ndi maluwa ndi za anthu okhuta. Ena amati ndi mphatso yobadwa nayo, ya anthu ojambula ndi olemba ndakatulo. Mayankho onse awiriwa ali ndi kachoonadi pang'ono, koma ine sindikhutira nawo. Kuona kukongola ndi luso. Limakula munthu akamaligwiritsa ntchito, limafota akalisiya, ndipo pali zifukwa zodziwika bwino zimene limafotera. Zifukwazo zimayambira m'diso momwemo.

Tambasulani mkono wanu muyang'ane chikhadabo cha chala chachikulu. Malo amene diso lanu limaona bwinobwino pa nthawi imodzi kukula kwake ndi pafupifupi kachikhadabo kameneko basi. Zina zonse za m'mbali zimaoneka mwa chimbuuzi, kungoti sitizindikira chifukwa diso silikhazikika. Limadumphadumpha, mwina katatu pa sekondi imodzi, ndipo ubongo umalumikiza tizidutswato n'kutipatsa chithunzi chooneka ngati chathunthu. Zili ngati munthu woyenda usiku ndi tochi: amaona pomwe waunika, kwina konse mdima uli bii, koma akafika kunyumba amati njira yonse ndaiona. Funso lalikulu ndi lakuti ndani amasankha pounika. Nthawi zambiri si ife mwadala. Ubongo umasankha wokha, ndipo umathamangira zinthu zitatu: chachilendo, choopsa, ndi chimene tikuchifuna pa nthawiyo. Phiri la Dedza, ngakhale litalike mamita pafupifupi 2,200, kwa munthu wobadwira pa boma si lachilendo, siloopsa, ndiponso silimuthandiza kupeza minibasi ya ku Lilongwe.

Kuzolowera kotereku si ulesi kapena kusayamika ayi. Ndi mmene thupi limadzitetezera. Munthu womanga nyumba pafupi ndi chigayo masiku oyamba sagona, koma pakapita miyezi phokosolo salimvanso, amadzidzimuka magetsi akazima chigayo n'kukhala chete. Malaya amene mwavala panopa simukuwamva pakhungu mpaka nditawatchula. Ubongo ukanamalabadira chilichonse nthawi zonse, sitikanatha kuwoloka msewu kapena kuwerengera chenji. Vuto lake ndi lakuti ubongo susiyanitsa phokoso la chigayo ndi kulira kwa njiwa m'mamawa. Zonse ukazizolowera umazitsekera kunja limodzi.

Mu 1999 akatswiri awiri a za maganizo ku America, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, anaonetsa anthu kanema wachidule wa magulu awiri a achinyamata akuponyerana mpira, ena ovala zoyera, ena zakuda. Oonerawo anawauza kuti awerenge kuti ovala zoyera apatsirana mpira kangati. Masewera ali mkati, munthu wovala ngati nyani wamkulu uja amati gorila anadutsa pakati pa osewerawo poyera. Pafupifupi theka la oonera sanamuone. Atawabwezera kanemayo, ena anakana kuti ndi yomweyo. Maso awo anali pa kanemayo nthawi yonse, koma maganizo anali pa kuwerengera. Munthu wa pa msika wa Lizulu amene akuwerengera mitu ya kabichi ndi ndalama za m'chikwama ali mu mkhalidwe womwewo, ndipo mitambo yotsetsereka pa mapiri kuseri kwake ingathe kuchita zodabwitsa zilizonse iye osaona.

Palinso china chobisika kuposa pamenepa. Timaona kukongola pamalo pomwe tinauzidwa kuti pali kukongola. Mu Januwale 2007, nyuzipepala ya Washington Post inapempha Joshua Bell, mmodzi mwa oimba violin (choimbira cha zingwe) otchuka kwambiri padziko lapansi, kuti akaime polowera pa siteshoni ya sitima mu mzinda wa Washington m'mawa anthu akupita kuntchito, atavala wamba, n'kuimba. Anaimba kwa mphindi zoposa 40. Anthu 1,097 anadutsa, amene anaima kuti amvetsere anali 7 okha, ndipo ndalama zomwe anamuponyera zinangokwana madola 32. Munthu yemweyo akamaimba mu holo, anthu amalimbirana matikiti okwera mtengo.

Ife sitisiyana nawo anthu a ku Washington aja. Mbale ya ku Dedza Pottery ikakhala pa shelefu, ili ndi mtengo wake polembapo, timaigwira mosamala, kuitembenuza, kuyamikira utoto wake. Ndi yokongoladi, sindikutsutsa. Koma mtsuko umene agogo anaumba ndi manja popanda makina, wozungulira bwino moti umakhazikika pa nkhata osapendekera, wokhala ndi timizere tozungulira khosi, wodetsedwa ndi moto mbali imodzi n'kufiira mbali ina, timangouona ngati chosungiramo madzi. Palibe amene anatiuza kuti tiziuyang'ana.

Tsopano tibwere ku mawu aja akuti izi ndi za okhuta, chifukwa sayenera kungokankhidwira kumbali. Mu 2013 akatswiri anayi, mwa iwo Sendhil Mullainathan ndi Eldar Shafir, anafalitsa zomwe anapeza pakati pa alimi a nzimbe oposa 400 ku Tamil Nadu, m'dziko la India. Alimi amenewa amalandira ndalama kamodzi pa chaka, akakolola. Anawapatsa mayeso oyeza kaganizidwe asanakolole, matumba ali gwaa, kenako atakolola ndi kulandira ndalama. Anthu omwewo anakhoza bwino atakolola. Nzeru zawo sizinasinthe. Chinasintha ndi kuchuluka kwa malo amene nkhawa ya ndalama inkatenga m'mutu. Aliyense amene anakhalapo kumudzi mwezi wa Febuluwale, nkhokwe ili mbee, fetereza wachiwiri sanapezeke, mwana wabwezedwa kusukulu, akudziwa zimenezi popanda kuuzidwa ndi kafukufuku. Munthu wotere kumuuza kuti taonani kukongola kwa ngayaye za chimanga ndi chipongwe. Nkhawa imatsekadi maso, ndipo wotsekedwa maso ndi nkhawa sitiyenera kumuimba mlandu.

Koma mfundo yakuti umphawi umapha luso limeneli kotheratu imagwa mukangolowa m'mudzi. Taonani mayi akuzira nyumba. Dothi wakalitenga kudambo, lakuda, ndipo sanangotapa paliponse, akudziwa pomwe pali labwino. Wagwada, akulipaka pansi ndi chikhatho mozungulira, mkombero uliwonse ukugwera pa unzake, kenako akulikwecha ndi mwala wosalala mpaka liwale. Akafika pakhonde amatenga dothi la mtundu wina, lofiira kapena loyera, n'kudula mzere wowongoka m'munsi mwa khoma kuzungulira nyumba yonse. Mzere umenewo suletsa chiswe, suletsa mvula, sudyetsa mwana. Koma mayiyo sangausiye, ndipo ukakhota amaufufuta n'kuyambiranso. Chimodzimodzi mwamuna woluka lichero amene amasakaniza nsungwi zoyera ndi zodera kuti patuluke maluwa, kapena mtsikana amene amatha nthawi pa msika kusankha chitenje chimodzi pakati pa zambiri za mtengo wofanana. Anthu amenewa sanakhutepo chuma, koma diso ali nalo.

Umboni waukulu uli m'mapanga a ku Chongoni, m'boma lathu lomwe lino la Dedza. Mu 2006 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaika dera limeneli pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha zojambula za pamiyala zopezeka pa malo 127. Malo odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira ndi zakale kwambiri, ndipo amati anajambula ndi Akafula kapena kuti Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene nthano zathu zimawatcha Amwandionerapati. Zambiri mwa izo si zithunzi za nyama kapena anthu, koma mikombero, mizere yondondozana, timadontho, mikombero ina yokhala ndi timizere totuluka m'mbali. Zoyera anajambula ndi Achewa, alimi, pogwiritsa ntchito dothi loyera ndi zala, ndipo zina anazijambula m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Zina zimakhudza chinamwali cha atsikana, zina Nyau. Matanthauzo ake akuya ali ndi eni ake, ndipo si anga kuwaulula pano.

Chimene ndikufuna kunena ndi cha mmene munthu amazionera. Mukafika paphanga koyamba, makamaka dzuwa lili pamutu, mumaona zoyera zokha chifukwa n'zowala, ndipo pakangotha mphindi ziwiri mtima umati basi taona, tiyeni. Ambiri amabwerera pamenepo. Koma mukakhala pansi, maso n'kuzolowera mthunzi wa phangalo, mwala uja umayamba kusintha. Pomwe mumayesa ndi dzimbiri la mwala pamatuluka mkombero wofiira. Pambali pake pamatuluka wina wofwifwa kwambiri. Kenako mumazindikira kuti chinyama choyera chojambulidwa pamwalapo, chotambasula miyendo ngati mukuchionera pamwamba, anachijambula pamwamba pa zofiirazo, kutanthauza kuti amene anabwera pambuyo anapeza za anzawo n'kusankha mwala womwewo. Penapake mumatha kuona kukula kwa chala cha wojambulayo, ndi pomwe dothi linamuthera n'kubviikanso. Palibe chomwe chasintha pamwalapo. Chasintha ndi nthawi yomwe mwaupatsa.

Makolo anamaliza kale nkhaniyi pomwe anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu timaugwiritsa ntchito polangiza anthu opupuluma pa malonda kapena pa banja, koma woyamba kuunena ayenera kuti anagwadadi pansi nyengo ya dzinja n'kudikira. Nkhono ukaikhudza imabweza tinyanga take. Ukakhala chete imatitulutsa pang'onopang'ono, tiwiri tatifupi m'munsi, tiwiri tatitali pamwamba, ndipo kunsonga kwa tatitalito kuli timadontho takuda. Ndiwo maso ake. Ndi angati mwa ife amene timatchula mwambiwu amene tinawaonadi? Mphunzitsi wina wa mbiri ya zojambulajambula pa yunivesite ya Harvard, Jennifer Roberts, amatuma ophunzira ake kukakhala patsogolo pa chojambula chimodzi kwa maola atatu athunthu asanalembe chilichonse. Cholinga chake ndi chomwechi: zinthu zina sizioneka msanga, ngakhale zili poyera. Ife maola atatu sitingawapeze, koma mphindi zisanu zodikira madzi kuti awire kapena minibasi kuti idzaze tonse tili nazo.

Kudekha pakokha sikukwanira. Diso limafunanso mayina. Akatswiri a zomera James Wandersee ndi Elisabeth Schussler, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, analemba za khungu limene anthu ambiri ali nalo pa zomera, loti munthu amaona mbuzi ili pansi pa mtengo koma mtengowo osauona, kwa iye ndi zobiriwira chabe. Mankhwala a khungu limeneli ndi kudziwa kuti uwu ndi msuku, uwu ndi mombo, uwo ndi mtengo wotchedwa tsamba, uko ndi mbawa, apo ndi muwanga. Munthu akadziwa mtengo wa tsamba, mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala sumudutsanso chabe. Nthawi imeneyo mvula sinagwe kwa miyezi, udzu wauma, tchire lapsa, koma mitengo ya m'mapiri imatulutsa masamba atsopano ofiira, ena ngati magazi, ena ofiirira, ena otuwira chikasu, ndipo pakapita masabata ochepa amasanduka obiriwira. Kufiirako kumachokera ku utoto wachilengedwe umene uli m'masamba anthete, womwe akatswiri amakhulupirira kuti umawateteza ku dzuwa ndi tizilombo mpaka atakhwima. Mukatsika msewu wokhotakhota wopita ku Golomoti nyengo imeneyo, mapiri amaoneka ngati ayaka, pamene kumunsi nyanja ikunyezimira. Koma wosadziwa mtengowo amangoti kwauma.

Mayina amenewa sitiwapeza m'mabuku kwenikweni. Timawalandira kwa anthu. Ndinaonapo gogo wina cha ku Bembeke akusankha nyemba pa lichero ndi kamdzukulu kake kamtsikana. Mwanayo ankangotola zofumbwa n'kutaya, akufulumira kuti akasewere.

"Iwe, tabweretsa kuno imeneyo," anatero gogoyo. "Imeneyi ndi chiyani?"

"Ndi nyemba, agogo."

"Nyemba zonsezi. Imeneyi dzina lake?"

Mwanayo anakhala chete. Gogoyo anayala njere zingapo pachikhatho. "Iyi yoyererako ya mawanga ofiira ndi kholophethe. Iyi yofiira ya timizere ndi napilira. Iyi yoyera yokhayokha ndi kayera. Tayang'ana ziwiri izi, zonse kholophethe. Zafanana?"

Mwanayo anaziyandikiza kumaso, kuzitembenuza. "Ayi agogo, iyi mawanga ake ndi aatali. Iyi ali ngati timadontho."

"Ufunefune ziwiri zofanana, ukazipeza undiuze."

Masewera aja anaiwalika. Mwanayo anakhala pa mphasa mpaka lichero lonse linatha, ndipo ziwiri zofanana sanazipeze. Gogoyo sanatchulepo mawu akuti kukongola ngakhale kamodzi. Cholinga chake chinali kusankha mbewu. Koma mwana ameneyo sadzaonanso mulu wa nyemba pa msika ngati mulu chabe.

Manja nawo amaphunzitsa maso. Munthu amene anayesapo kuumba mphika amaona khosi la mphika wa mnzake mosiyana ndi amene amangophikira. Amene anayesapo kumanga mitumbira yowongoka amaima akaona munda wa mbatatesi wa ku Tsangano, mizere ikutsata phiri mokhota bwino, maluwa oyera ndi ofiirira ali pamwamba. Ku Mua, komwe ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a KuNgoni mu 1976. Osema mitengo a kumeneko anayamba kusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za Achewa, Angoni ndi Ayao, amayi ovala zitenje, ana kumbuyo, mitondo, makasu. Kuti munthu aseme mayi wopeta, ayenera kuyamba wayang'ana mayi akupeta: mmene chigongono chimakhalira, mmene khosi limapendekera kuthawa gaga. Zinthu zomwe anakula akuziona tsiku ndi tsiku zinakhala zoyenera kuziyang'anitsitsa. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare pomwepo muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, ndipo wozipenya modekha amaona kuti wosema aliyense anali katswiri wopenya nkhope za anthu, mphuno ya wonyada, milomo ya wamiseche, masaya a waulesi. Simufunika kukhala mmisiri kuti mupindule ndi zimenezi. Tengani pensulo ndi kope, muyese kujambula tsamba limodzi la nkhwani. Chojambulacho chikhoza kuipa, zilibe kanthu, koma mudzaona mitsempha ndi tiubweya ta tsambalo zimene mwakhala mukusadzula zaka zonsezi osaziona.

Njira ina ndi yogonjetsera kuzolowera kuja ndi chida chake chomwe. Popeza ubongo umathamangira chosintha, sankhani chinthu chimodzi chomwe mumadutsa tsiku lililonse, mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, dambo la panjira ya kusukulu, kapena mbali imodzi ya phiri, n'kumafunsa m'mawa uliwonse kuti lero chasintha n'chiyani. Dera lathu ndi labwino pa zimenezi chifukwa nyengo zake zimasiyana kwambiri. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu imatha kubisa phiri lonse m'mawa n'kulibweza pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi. Chisanu chisanathe mapichesi amachita maluwa pa nthambi zopanda tsamba. Mu Okutobala nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa, masuku n'kuyamba kuoneka m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Mvula yoyamba ikagwa dothi limanunkhira, ngumbi n'kutuluka madzulo, kenako bowa. Kukongola si kwa maso okha: fungo limenelo, kulira kwa minsi iwiri ikusinthana mu mtondo umodzi, mgugu wa mapazi a amuna ovina ngoma ku Ntcheu pa mwambo wa Umhlangano, zonsezi zimalowa pa khomo lomwelo.

Wina angafunse kuti phindu lake n'chiyani. Ine ndimaona kuti munthu wokhala pakati pa zinthu zabwino osaziona walandidwa chuma chake ali maso, ndipo chimenecho pachokha ndi chifukwa chokwanira. Koma palinso zomwe akatswiri anayeza. Mu 1984 Roger Ulrich anafalitsa zomwe anapeza m'mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Theka anagona m'zipinda zomwe mawindo ake anayang'ana mitengo, theka linalo mawindo anayang'ana khoma la njerwa. Oona mitengo anatuluka msanga, kusiyana kwake pafupifupi tsiku limodzi, ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Mu 2020 Virginia Sturm ndi anzake ku San Francisco anauza anthu achikulire kuti aziyenda panja mphindi 15 kamodzi pa sabata kwa masabata 8. Gulu limodzi analiuza kuti poyendapo lizifunafuna mwadala zinthu zochititsa chidwi, linalo ankangoyenda. A gulu loyamba ananena kuti chimwemwe ndi chifundo zinawonjezeka ndipo kupsinjika mtima kunachepa. Ulendo unali wofanana, kusiyana kunali pa zomwe anauza maso kuti azifuna. Kafukufuku ameneyu anali wa anthu ochepa, choncho tisamukweze kuposa msinkhu wake. Ndipo munthu amene mtima wake wasweka moti sakugona, sakudya, akuganiza zodzipha, sitimutuma kukayang'ana phiri. Timapita naye kuchipatala.

Ena amaopa kuti munthu wokonda kuona zokongola amakhala wosazindikira mavuto, womangosekerera. Amakumbutsa mwambi wa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwo ndi woona, koma taganizani: amene anadziwa za nyererezo ndi amene anang'amba nkhuyu n'kuyang'ana m'kati. Diso lophunzitsidwa silisankha zabwino zokha. Mlimi amene amaima kuyamikira masamba a mbatatesi yake ndi yemweyo amene amayamba kuona kadontho koyamba ka chiwawu anzake asanadziwe. Mayi amene amadziwa nkhope ya mwana wake akamagona ndi amene amazindikira msanga kuti lero maso alowa. Ndipo munthu amene anaonapo phiri lofiira ndi masamba a tsamba ndi amene mtima umamupweteka akaliona lametedwa, utsi wa uvuni wa makala ukufuka. Ku Chongoni zojambula zina zinadetsedwa ndi anthu olemba mayina awo pamwamba pake ndi makala kapena choko. Sindikhulupirira kuti onse anali ndi mtima woipa. Ambiri anaona mwala chabe, malo abwino olembapo. Malamulo ndi alonda n'zofunika, koma sangakwane pa mapanga 127. Chomwe chingateteze mapangawo ndi anthu oyandikana nawo amene anaphunzira kuwaona.

Foni ya m'manja yabweretsa vuto lake. Nthawi zija zomwe kale maso ankangoyendayenda, podikira pa chigayo, pa mjigo, pa depoti, tsopano zimathera pa WhatsApp ndi TikTok, zomwe anazipanga dala kuti zizipatsa ubongo chachilendo sekondi iliyonse. Mtengo wa pichesi sungapikisane nazo. Ngakhale kujambula zithunzi kumene kukhoza kutinamiza. Mu 2014 Linda Henkel wa pa yunivesite ya Fairfield ku America anapeza kuti ophunzira amene anajambula zinthu m'nyumba yosungiramo zakale anazikumbukira pang'ono poyerekeza ndi zomwe anangoziyang'ana. Zimakhala ngati munthu wauza foni kuti iwe ndiye uona, ine ndikupita. Koma anapezanso kuti amene anasankha kachigawo kakang'ono ka chinthucho n'kukajambula pafupi anakumbukira bwino. Choncho foni sitiitaya. Tiyambe tayang'ana, tisankhe chomwe chatigwira mtima, kujambula kubwere pambuyo.

Ana aang'ono alibe vuto lonseli chifukwa kwa iwo zonse n'zachilendo. Mwana wa zaka zitatu akhoza kutsatira mzere wa linthumbu mpaka kuuna kwake. Amene timamuphunzitsa kusaona ndi ife, ndi mawu athu a "fulumira" ndi "siya zimenezo, n'zauve". Kusukulu nako, phunziro la zaluso kawirikawiri limathera pa kukopera chithunzi chomwe mphunzitsi wajambula pa bolodi, pamene kunja kwa windo kuli mtengo weniweni. Masukulu ambiri a ku Linthipe, Chongoni ndi Mphunzi ali pafupi ndi mapanga aja moti ana akhoza kufikako wapansi, mogwirizana ndi mafumu ndi oyang'anira malowo. Sizifuna basi kapena ndalama za ulendo. Mphunzitsi awakhazike pansi pamthunzi, awaletse kukhudza mwala, awauze kuti kwa mphindi 10 pasakhale wolankhula, kenako aliyense ajambule mu kope lake chimodzi chokha chomwe waona, ndipo pobwerera ayerekeze makopewo kuti aone zomwe mnzawo waona iwo osaziona.